Sukulu Yokwera Boti

Lolemba, 5 Julaye 2021

Mwezi wachitatu sukulu ili chitsekere. Udzu pabwalo la mpira wafika m'mawondo. Ana onse ali kwawo, midzi yomwazikana kuzungulira chilumba chonse cha Kadavu, ena theka la tsiku pa boti. Ife aphunzitsi tatsala m'nyumba za sukulu, kudya chinangwa ndi kuyang'anana.

Lero ahedi atiitana. Ku Suva, kulikulu la dziko, akuti ana asamangokhala, tiziwatumizira maphunziro pa kanema. Kenaka maso onse pa ine. "Madamu Vasemaca, paja inu mumajambula maukwati. Ndiye muwaphunzitsa anzanuwa." Maukwati awiri! Kalekale, ndi kamera yobwereka. Ine ndi wa Chingerezi. Ndimati ndiyankhe, ahedi ayamba kale pemphero lotsekera.

Zida: mafoni athu omwewa. Choimikira kamera cha miyendo itatu, umodzi wothyoka. Sola yomwe imagona mtambo ukangodutsa. Basi.

Jolame, mwamuna wanga, akadali ku Suva. Anapita mu Epulo kukagula chitsulo cha injini, kolona n'kutseka njira kumbuyo kwake. Mwamuna wotsanzika sabata imodzi.

Lachitatu, 7 Julaye

Phunziro loyamba. Ana asukulu anga ndi aphunzitsi anzanga, ena a msinkhu wa makolo anga. Pa bolodi ndinalemba zinthu zitatu zokha. Foni igone chopingasa. Kuwala kukhale kumaso, osati kumsana. Lankhula mwachidule.

Zonse zaswedwa nthawi ya tiyi isanakwane.

Madamu Unaisi a Sayansi abwera ndi diresi la kutchalitchi, duwa kukhutu. Foni ikangoyaka mawu asintha, Chingerezi cha m'mphuno ngati owerenga nkhani pa wailesi. Ndati lankhulani mmene mumalankhulira m'kalasi. Iwo: "Aa, mng'ono wanga, m'kalasi ndimakalipa. Ukufuna dziko lonse lindione ndikukalipa?"

Masita Osea ajambula phunziro lonse la Ulimi chala chili pa diso la kamera. Kanema wa chala. Amene wamveka bwino kuposa aliyense ndi tambala wa ahedi.

Koma ondipweteka mtima ndi a Masita Apenisa. Anandiphunzitsa masamu ine ndemwe, m'kalasi yomweyi. Zaka makumi atatu choko chili m'manja. Ana a Fomu 7 amawaopa, amawakondanso. Chaka chino n'chomaliza, akupuma mu Disembala. Ndawaimika pa bolodi, ndati yambani. "Moni nonse." Kenaka zii. Thukuta kamukamu. Potsiriza: "Vase, mwanawe, ndikulankhula ndi ndani? Kabowo aka?" Atola chipewa chawo, ulendo.

Mutu ukugunda.

Loweruka, 10 Julaye

Ndakwera phiri la kuseri kwa tchalitchi kukasaka netiweki. Kakanema kamodzi ka Madamu Unaisi, koyesera. Ndakhala pamwala mpaka dzuwa lafika paliwombo, kamzere kakukwawa ngati nkhono. Katatsala pang'ono, kafa. Bandulo yatha. Ndalama ya shuga ndi parafini ya mwezi uno yauluka, kanema sanafike kulikonse.

Ndipo akanafika, akanamuona ndani? Midzi yambiri netiweki imangoyimva. A ku Suva amayesa imabala m'mitengo ngati kokonati.

Ndinasungira Jolame timayunitsi. Akugona pakhonde kwa mlongo wake. Akuti kumeneko maliro tsiku ndi tsiku, anthu kuikidwa opanda mikeka, opanda nyimbo. "Usamayendeyende, wamva?" Ndati ndiyenda kupita kuti, m'nyanja? Taseka. Foni yadula ndisanamuuze kuti ndamusowa.

Potsika nzeru yabwera. Timakhadi ta m'foni. Makanema alowe m'menemo, Waisale wa boti azikatisiya m'midzi akamakagula kwa alimi yaqona, mizu yopangira chakumwa chathu cha mwambo. Mudzi uliwonse khadi yake. Pakangopezeka foni imodzi, ana aonera.

Lachiwiri, 13 Julaye

Ahedi avomera za timakhadi. Koma kanema aliyense aziyamba ndi mawu awo. Ajambulitsa atavala tayi. Mbiri ya sukulu, vesi, kasambidwe ka m'manja, vesi lina. Ndati malo m'khadi ndi ochepa. "Madamu, m'nyumba timalowera pakhomo." Chabwino. Khomo lalikulu kuposa nyumba.

A Masita Apenisa abwera okha m'mawa, osaitanidwa. Ndawandandalikira mipando yopanda anthu kuti aziyesa kalasi. Zathandizako, alankhula. Koma alankhula ndi bolodi. Msana wokhawokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, malaya a maluwa, phewa kuphimba zimene akulemba. Ndikati tembenukani, atembenuka, mawu n'kuthawa. Tabwereza mpaka choko chatha. Potsiriza andikalipira, koyamba chichokereni ine pa benchi: "M'kalasi ndimaona nkhope. Mwana akasochera ndimaonera pachipumi. Apa ndikungoponya miyala m'nyanja."

Ndatenga msana womwewo. Ndi umene ulipo.

Lachisanu, 16 Julaye

Masiku onsewa wowerama pa foni, kudula ndi kulumikiza. Maso akuyabwa, khosi lauma. Anzanga amabwera ndi zojambula zawo n'kuzisiya patebulo ngati zovala zochapa. Akuti kudula n'kovuta. Ndawaonetsa kawiri konse! Masita Osea akuti zala zawo n'za chikwanje. Nanga zanga n'za chiyani?

Palibe wati zikomo. Madamu Unaisi okha andibweretsera chilazi cha dalo ndi nsomba ya mu mkaka wa kokonati, koma ndi pempho loti ndiwawalitse nkhope pang'ono.

Timakhadi ndatiika m'kabotolo ka mankhwala, ndamata ndi selotepi. Waisale wakazunguza m'manja n'kuseka. "Ndiye sukulu yonse ili m'menemu, Madamu? Zikanakhala chonchi nthawi yathu, bwenzi ine ndili dokotala." Ndamupempha asakaike pafupi ndi petulo.

Ndaima pagombe mpaka boti lazimirira kuseri kwa matanthwe. Mtima m'mwamba ngati ndatumiza mwana kwa alendo.

Lachisanu, 23 Julaye

Zii.

Mvula sabata yonse. Sola yagona tulo tofa nato. Jenereta ahedi akuti ndi ya ofesi. Mu ofesimo muli chiyani, ana kulibe? Ndikutchajitsa foni kusitolo, kulipira ngati mlendo.

Madamu Unaisi asiya kubwera. Adziona pa kanema ali ndi zibwano ziwiri, mlandu ndi wanga. Masita Osea akuti ali ndi zobzala. Kalasi yanga yatsala anthu atatu, mmodzi amabwerera tiyi.

A Masita Apenisa amabwera m'mawa uliwonse, malaya osita. Amaima, amapatsa bolodi moni, amalemba. Sadandaulanso. Bola akanamakalipa. Chiyambireni akazi awo kumwalira, kalasi ndiyo inali nyumba yawo. Lero pomaliza afunsa, maso ali pansi: "Pali amene waonerako?" Ndati inde, ndithu. Ndadziwa bwanji?

Loweruka, 31 Julaye

Timakhadi tabwera.

Koyamba kanyowa, kafa. Kachiwiri ndi kachitatu, maphunziro onse afufutidwa. M'malo mwake mpira wa ragibe. Anyamata athu atenga golide ku Tokyo Lachitatu, ndiye wina wakwera phiri, wakopera masewero onse, khadi ya sukulu ndiyo inali pafupi. Sindikana, Lachitatu nanenso ndinavina mumvula ndi chivindikiro cha poto. Koma khosi langali! Shuga wanga uja!

Chotsala m'khadi yachitatu n'chimodzi: mawu a ahedi. Ndi tayi yawo. Ndaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo yapitirira yokha.

Waisale akuti, "Musakwiye, Madamu. Mudzi wonse waonera, ndi nkhalamba zomwe. Khadi yanu yatchuka." Ndamuuza achoke ndisanamugende ndi kabotoloko.

Kwatsala kamodzi, ka ku Nakoroloa, mudzi wa kumathero kwenikweni. Batire yafa ndisanakatsegule. Ndipo sindikufuna n'komwe. Lolemba ndikawauza ahedi apeze wina wa maukwati.

Lamulungu, 1 Ogasiti

Ndakatsegula titaweruka kutchalitchi, kuti ndingomaliza mkwiyo.

Maphunziro onse alimo. Ndi kakanema kena komwe si kanga.

Akosita. Wa Fomu 7, wokhala kutsogolo kumanzere, wosalankhula m'kalasi yanga koma masamu ngati akumwa madzi. Amene amati adzakonza mainjini a sitima. Foni yaimirira, chithunzi chikugwedera, dzuwa kumsana, malamulo anga onse pansi. Walemba ndi khala pa chitseko chakale. Zala zakuda ndi dothi. Akunong'ona: "Masita, pepani. Kuchoka mzere wachitatu kupita wachinayi ndasochera. Phewa lanu linatchinga. Ndabwereza mpaka achimwene andilanda foni." Kenaka wayang'ana kumbali. "Bambo akuti sukulu yafa, mayeso kulibe, ndiiwale. Ndili kumunda wa yaqona tsiku lonse. Koma ine sindinaiwale."

Ndathamanga ndi diresi la kutchalitchi lomwelo.

A Masita anali pakhonde. Avala magalasi. Aonera katatu. Kenaka: "Chizindikiro chochotsera. Mwana ameneyu amachitaya nthawi zonse." Adzuka. "Tenga foni yakoyo." Ndati lero ndi la Mulungu, Masita, inu ndi mkulu wa mpingo. "Ng'ombe ikagwa m'dzenje sitifunsa tsiku."

Taimika kabolodi kakang'ono pampando. Ayang'ana m'kabowo muja, m'kati mwenimweni. "Akosita, tamvera kuno." Ndipo munthu uja wabwerera. Manja, nsidze, nthabwala zouma zija. Osapunthwa ngakhale kamodzi. Ine kugwira foni, chithunzi chagwedera kuposa cha mwanayo.

Lachinayi, 5 Ogasiti

Tsopano vuto ndi lina. Sakusiya.

Ndimati mwachidule, iwo ola lathunthu. Ndikakweza dzanja kuti nthawi yatha, amandiyang'ana ngati ndapempha kupita panja pakati pa phunziro. Ndipo chilichonse "Akosita, Akosita." Ndawakumbutsa kuti Fomu 7 si mwana mmodzi. Lero ayamba kuitana mayina. Kukalipira Savenaca kuti akhale bwino, Savenaca ali kutsidya la chilumba, mwina akuwedza. "Ndikumudziwa, panopa wayamba kale kuyasamula."

Msana ukubwerabe akamalemba. Koma tsopano amatembenuka okha kukafunsa, "Tili limodzi?" N'kudikira yankho. Ndimadula kudikirako.

Ine ndajambula kanga, kophunzitsa ana kujambula mafunso awo. Tsamiritsa foni pa chikhokho cha kokonati. Dzuwa kumaso. Lemba zikuluzikulu. Nena dzina lako ndi pamene wasochera. Ndawonjezera kuti wofufuta sukulu chifukwa cha mpira ndidzamupeza.

Khomo la ahedi ndalichepetsa mwakachetechete. Latsala moni ndi vesi limodzi. Azindikira dzulo. Sitikupatsana moni.

Lachisanu, 13 Ogasiti

Waisale wabwera ndi kabotolo, wandipatsira patali. Ndaseka. Tagwirizananso.

Mafunso! Midzi inayi yayankha. Ena mdima wokhawokha, ena nkhumba ikulira kumbuyo, wina wajambula mapazi ake mpaka pomaliza. Koma mafunso. Savenaca yemwe wafunsa, akuyasamuladi. Mnyamata wina wafunsa za Sayansi, akuti, "Madamu Unaisi, bwanji simukutikalipira? Mukudwala?" Ndawaonetsa. Mawa akubwera, opanda duwa.

Ka Akosita ndakasungira pomaliza. Foni yagona chopingasa, kuwala kumaso, zilembo zikuluzikulu. Kuposa aphunzitsi anga onse. Masamu awiri wakhoza, achitatu ali pakati, mawu a mwamuna kumbuyo: "Ukulankhula ndi ndani iwe? Anzako ali kumunda!" Chithunzi chagwa. Denga la udzu. Mapazi. Chatha.

A Masita aonera kamodzi kokha. Akuti bambo wakeyo, Ilaitia, anamuphunzitsanso, anasiyira Fomu 4. "Si woipa. Mtengo wa yaqona wakwera, ndiye akuona ndalama m'nthaka, m'buku sakuona kanthu." Akuti sabata ya mawa akwera boti la Waisale, akakhale naye pamkeka, alankhulane ngati amuna. Ndati ndipita nawo ndi foni. "Foni isiye. Zina sizijambulidwa."

Lachinayi, 19 Ogasiti

Kolona yafika.

Miyezi yonseyi timati nyanja ititchinga. Odwala apezeka m'midzi ya kumadzulo, ndipo akuti si ochepa. Maboti onse aletsedwa. La Waisale lakokeredwa pamchenga, injini yavundikiridwa ndi chiguduli. Ulendo wa ku Nakoroloa unali wa mawa.

Timakhadi tili patebulo, todzaza, tomata kale. Maphunziro abwino koposa onse amene tapanga. Ndikutiyang'ana, tikundiyang'ana.

Titangoyamba kumvana! Titangoyamba!

Ndakwera phiri. Jolame wamva kale pa wailesi. Akulira, mwamuna wamkulu. "Ndimati uli pabwino, ndimati bola iwe." Ndamutonthoza ine.

Lolemba, 23 Ogasiti

Nyumba zogona ana zasanduka zogonekamo odwala. Pabwalo anthu a masiki, fungo la mankhwala. Akuyang'anira ndi a Sisitala Karalaini, namwino wamfupi wa mawu ngati lipenga. Ali ndi boti la zaumoyo, lokhalo lololedwa kuzungulira midzi.

Ndawatsatira mpaka kuthanki ya madzi. Kabotolo kamodzi, Sisitala, kakulowa m'thumba la yunifolomu. Sanaime n'komwe. "Madamu, ine ndikunyamula anthu osapuma. Masamu adikire." Ndati ana akuiwalika. "Oiwalika akupuma. Chokani panjira."

Akunena zoona. N'chimene chikundikwiyitsa.

Ahedi andipatsa moni lero. Akuti ku Suva akufuna kudziwa makanema tatumiza angati. Ndawayang'ana mpaka achoka okha.

A Masita akujambulitsabe m'mawa uliwonse. Ndati tikujambulira ndani, boti kulibe? "Nyanja sitseka mpaka kale." Akutsokomola. Akuti ndi fumbi la choko. Zaka makumi atatu fumbi limenelo silinawatsokomoletsepo.

Lachinayi, 26 Ogasiti

A Masita awapeza nayo. Chikhalirecho ali kale ndi matenda a shuga. Ine andiyeza, ndilibe. Sindikumvetsa, sindikufunsa.

Awaika okha m'chipinda cha mabuku. Chili ndi zenera limodzi la galasi lathunthu, loyang'ana kubwalo. Masana atuma uthenga: bwera ndi foni. Ndapita kukawakalipira. Ndawapeza aima kuseri kwa galasi, bulangete paphewa, cholembera chakuda cha ahedi m'manja. Mutu womaliza wa silabasi sunathe, akutero. Ayamba kulemba pagalasipo.

Ndakuwa kuti kuno zikuoneka chobwerera, ngati pa kalilole, palibe angawerenge. Ndiye ndakumbukira. M'foni muli potembenuzira chithunzi, kumanja kupite kumanzere. Ndayesa pomwepo. Zilembo zawongoka.

Nkhope ndi masamu pamodzi. Akulemba akuyang'ana mwana. Msana palibe, phewa palibe. Chimene ndachisaka miyezi iwiri, chabwera ndi matenda. Ndinafuna kuswa galasilo.

Mawu ochepa, ndamata foni ina pa kampata ka pamwamba kuti iwatole. Mzere umodzi, chifuwa. Mizere iwiri, kukhala pansi. Ndati tisiye, Masita, chonde. Agwedeza chala. Dzuwa lasuntha bwalo lonse tili pa samu imodzi. Atafika mzere wotsatana ndi womaliza, dzanja lakana. Ayang'ana m'kabowo, amwetulira. "Yotsalayo umalize wekha, mwanawe. Usataye chochotsera."

Kwa ine, nditazimitsa: "Chifuwacho udule chonse. Mwana asadziwe."

Loweruka, 28 Ogasiti

Dzulo lonse kudula. Kutsokomola kulikonse, kukhala pansi kulikonse, pomwe agwira khoma. Ndadula mpaka munthu akungodumphadumpha pagalasi ngati chiwala. Koma chifuwa mulibe. Ndamvera mawu awo tsiku lonse m'makutu, iwo ali kutsidya la bwalo akulephera kumwa tiyi.

M'mawa uno awanyamula, kuchipatala cha ku boma, kuli mpweya wa m'mabotolo. Anthu anayi ndi machira mpaka pagombe. Ine patali, kuseri kwa chingwe chotchingira anthu.

Pofika pa boti agwira m'mphepete, akana kukwezedwa. Sindinamve zonse. Ndangoona a Sisitala Karalaini akuponya manja m'mwamba, kenaka akubwera kwa ine, maso ofiira. "Bweretsani kabotolo kanuko! Nkhalamba iyi indifera pamchenga chifukwa cha masamu." Ndinali nako m'thumba. Masiku onsewa ndimayenda nako.

Akuti akasiya ku Nakoroloa Lolemba, akamakayeza anthu. Sanalonjeze zambiri.

Galasi lija palibe walipukuta.

Lachisanu, 3 Seputembala

Ali pa mpweya. Sakudya. Zimene ndikudziwa ndi zomwezo, ndipo ndazipempha ngati mchere.

Madamu Unaisi akujambulitsa pa zenera la labu tsopano, akukalipa bwinobwino. Adziphunzitsa okha kudula. Masita Osea chala achichotsa. Ndikanayenera kusangalala.

Ndasesa khonde la a Masita. Nkhuku zawo ndikuzipatsa ine.

Za mayeso palibe akudziwa. Ena akuti Novembala, ena akuti chaka cha mawa, ena akuti kulibe. Mwina Ilaitia ndiye wanzeru pa tonsefe.

Lachiwiri, 7 Seputembala

A Sisitala andiponyera kabotolo kudutsa chingwe. "Yanu iyo. Ndipo musazolowere." Akuti amwa tiyi, kenaka boti lipitirira ku boma. Ndafunsa za a Masita. "Dzulo anatukwana phala. Kwa ine chimenecho n'chizindikiro chabwino, koma musathamange nacho."

Ndatsegula ndili chiimire.

Chitseko chija, khala lija. Akosita wamaliza samu. Mzere womaliza waulemba pang'onopang'ono, chochotsera wachizunguliza kawiri. Ine masamu sindiwadziwa, koma nkhope ya munthu wokhoza ndimaidziwa.

Kenaka wasendera pafupi. "Madamu Vase, izi n'zanu. Mwadula kwambiri. Poyamba mthunzi uli kuno, pomaliza uli uko, samu imodzi. Ndipo Masita savala bulangete masana. Akudwala eti? Musandinamize, ine si mwana."

Ndakhala pansi pomwepo, paudzu.

Sizinathe. "Ngati akudwala, muwaonetse izi." Foni yatembenuka. Mwamuna wamtali, malaya a kumunda, waima njo ngati akujambulitsa chiphaso. M'manja mtolo wa mizu ya yaqona, womanga bwino, wa ulemu. Ilaitia. Sakudziwa poyang'ana. Mwana akumunong'oneza, m'kabowomo, bambo. Wakhosomola. "Masita, ndine, wa kumbuyo kuzenera uja. Ndaonera nawo. Sindinamve kanthu, ngati kale lomwe." Waseka pang'ono, kenaka nkhope yagwa. "Munthu kuima chonchija chifukwa cha mwana wanga. Mwanayu alemba mayeso, kaya abwera liti. M'mawa ndi wa mabuku, kumunda masana. Uwu ndi wanu, ndikusungirani. Mubwere mudzamwe, Masita. Musachite zina."

Ndaonera kamodzi. Kachiwiri maso akana.

Yankho la mwanayu ndijambula mawa, loona, osadula kanthu. Koma ichi chifike kwa mwini wake lero. Foni ya a Sisitala ili ndi polowetsa khadi, ndinaiona. Akana, ndikudziwa, ayamba ndi kukana.

Injini yalira kugombe. Nsapato sindikuziona. Ndipita choncho